Girisi mu bokosi la steering: lasiya kudontha, koma play ikungobwerera

Land Rover ya malume anga, Series III ya petulo, inatha zaka osadontha olo kadontho kamodzi pa bokosi la steering ndipo tonse tinkangoti zili bwino. Chomwe chinkavuta ndi chiwongolero, chinkasewera kwambiri moti ukamayenda pa tala mowongoka galimoto imangofuna kupita kwake, iwe kumangokhalira kubweza uku kubweza uku, pofika kunyumba mapewa atatopa. Amakaniko amanga adjuster, kabawuti ka pa bokosi kochepetsera play, ndiko kusewera kwa chiwongoleroko, miyezi iwiri itatu bwinobwino, kenako play ija yabwereranso. Zinachitika katatu. Tsiku lomwe tinatsitsa bokosilo n'kuchotsa chivindikiro cha m'mbali ndi lomwe ndinaona chomwe chimadya galimoto ija: girisi wakuda atauma m'makona ngati sopo wakalekale, pakati pali mphako pomwe nati imadutsa, worm, shaft ya mazinga ngati bawuti yomwe chiwongolero chimazunguliza, ili gwa youma, pakati pake timaenje ting'onoting'ono, timipira tina tili ndi dzimbiri. Winawake kalekale anatopa ndi kudontha n'kupopera girisi wa ma wheel bearing mpaka kudzaza. Kudontha kunatha ndithu, koma bokosi linkadyeka mwakachetechete zaka zonsezo.

Ndiye ngati muli ndi galimoto yakale ya bokosi, kaya ndi Land Rover, Beetle, Land Cruiser FJ40, Willys Jeep kapena MG, ndipo play ikumabwerera mukamanga, yambani mwatsegula pulagi yothirira pamwamba muone chomwe chili mkatimo. Ndikukamba za mabokosi opanda power steering. La power steering limayendera mafuta akeake a pampu, girisi asayandikireko n'komwe.

Chifukwa chake girisi wolimba amapha bokosi

Girisi ndi oyilo yemweyo wogwiridwa ndi chinthu chomulimbitsa, nthawi zambiri sopo wa lithium. Kulimba kwake amakuyeza ndi manambala a NLGI, kuyambira 000 mpaka 6. Amene timagula m'mashopu wothira m'ma bearing ndi m'ma nipple uja kawirikawiri ndi nambala 2, kulimba kwake ngati chiponde. Wa 00 ndi ngati phala la mwana, amayenda yekha ukapendeketsa chitini. Tengani chala mudutsitse m'mbale ya chiponde, mzere utsala pompo mpaka mawa. Dutsitsani m'phala, mzere utsekeka musanachotse n'chala chomwe. Nkhani yonse yagona pamenepo.

Mu wheel bearing girisi wa 2 amagwira bwino chifukwa tayala limazungulira mothamanga, pamatentha, girisi amafewa n'kumatulutsa oyilo wake pang'onopang'ono. Bokosi la steering silithamanga ndipo silitentha choncho, worm imangotembenuka pang'ono uku pang'ono uku, tsiku lonse pamalo amodzimodzi, ndiye imakankhira girisi m'mbali n'kudzipangira njira, girisi uja osabwereranso. Malo omwe chitsulo chikukhuzana ndi chinzake mwamphamvu ndi omwe amatsala ouma. Bearing ya pamwamba pa worm imayamba kusowa mafuta, bush ya shaft ya pansi ija yomwe mpata wake ndi wochepa zedi girisi wolimba salowamo, ndipo zaka zikamapita oyilo wa mu girisi amatuluka n'kuthawira pa seal yomwe inali yotha kale ija, chotsala ndi sopo wouma wosakanikirana ndi fumbi la chitsulo. Madzi akalowa, kaya powoloka mtsinje m'dzinja kaya potsuka injini, amakhala m'mphako muja n'kuyamba dzimbiri.

Mabokosi onse savutika mofanana ayi. A timipira, a recirculating ball, omwe General Motors inayamba kuika pa Cadillac mu 1940 ndipo ndi omwe ali pa Land Rover Series II ndi III opangidwa ndi Burman, amapirirako chifukwa timipira timagudubuzika. A worm and roller ngati a Beetle za kuyambira 1962 nawonso amapirira pang'ono. Koma aja a kachikhomo kamene kamakwekwereza mu ngalande ya worm, monga Bishop Cam ya pa MG TC kapena Ross ya pa Willys Jeep, amenewo akauma sachedwa, kachikhomo kamadyeka mbali ziwiri n'kukhala kaphwatalala, ngalande ya worm n'kukula.

Musanaimbe mlandu bokosi

Anthu ambiri amathamangira adjuster pomwe play ili kwina. Ikani galimoto pansi matayala atawongoka, mnzanu akhale mkati azigwedeza chiwongolero pang'onopang'ono uku ndi uku, osati kukhotetsa matayala koma kungofika pomwe chayamba kulemera, inu mugone pansi muziyang'ana ndi kugwira ndi dzanja. Yambani pa shaft yolowa m'bokosi mutsike. Pa Beetle pali kachimbale ka labala kolumikiza column ndi bokosi, kakang'ambika play yake mungalumbire kuti ndi bokosi. Onani mabawuti omangira bokosilo, chifukwa bokosi lonse limatha kumagwedera pa chassis, ndipo pena chitsulo chomwe lamangidwapo chimakhala chitang'aluka. Onani nati ya drop arm (mkono wachitsulo womangidwa pa shaft yotuluka m'bokosi, wokankha ma rod opita ku matayala), ma tie rod end onse limodzilimodzi, idler ngati ilipo, ma king pin, ma wheel bearing. Dzanja limamva kugogoda komwe maso saona.

Pa Land Rover pali relay, yolumikiza rod yochokera ku bokosi ndi yopita ku matayala, ija ili mu chassis kutsogolo pafupi ndi radiator, yomwe anthu amaiiwala zaka makumi. Nayonso imafuna gear oil wa EP90, mumachotsa mabawuti awiri a pamwamba, kwina kothirira kwina kotulukira mpweya, n'kumathira moleza mtima chifukwa amalowa mochedwa. Ikauma imalimbitsa chiwongolero kapena kugwedera. Chonde musaiphwasule mwachisawawa, mkati mwake muli sipuling'i yopanikizidwa mwamphamvu yoti ikafwamphuka imavulaza munthu.

Bokosi ndi lolakwa pokhapokha shaft yolowa ikutembenuka koma drop arm ili chiimire, kapena shaft yotuluka ikukwera ndi kutsika, kapena ikugwedera m'mbali. Pa kuchuluka kwa play, buku la VW limalola mpaka 25 mm m'mphepete mwa chiwongolero matayala atawongoka. Ku Britain pa MOT, mayeso a chaka ndi chaka oona ngati galimoto ili yoyenera pa msewu, galimoto ya bokosi amaigwetsa ikapyola 75 mm pa chiwongolero cha 380 mm, koma amenewo ndi malire olephererapo osati muyezo wa galimoto yabwino. Abale omwe muli kumeneko mukudziwa kuti kuyambira 2018 galimoto zambiri zopyola zaka 40 sizikakamizidwanso MOT, ndiye palibenso wina amene adzagone pansi kukuonerani, ndi inu nomwe.

Zomwe mafuta akale akukuuzani

Tsegulani pulagi, pisani ka waya koyera kapena screwdriver mpaka pansi mutulutse. Ngati katuluka kouma, mwapeza kale vuto. Ngati katuluka ndi oyilo woyererako ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Pakani pa pepala loyera muone padzuwa: tonyezimira tachikasu ndi bush ya mkuwa ikudyeka, toyera ngati siliva ndi worm, roller kapena timipira. Pekesani pakati pa zala, mukamva ngati mchenga bokosilo likufuna kutsitsidwa, kuthira mafuta atsopano pamwamba pa zimenezo sikuthandiza. Ngati mwapeza girisi wolimba, musangothirapo oyilo n'kutseka, chifukwa girisi wakale uja amatseka njira zopita ku ma bush ndipo fumbi lachitsulo lonse lili momwemo. Mabokosi ambiri alibe pulagi yokhuthulira, ndiye njira yoona ndi kuchotsa chivindikiro, kukokolola ndi kamtengo, kutsuka ndi parafini mpaka atuluke woyera, kuumitsa. Pa bokosi la timipira yalani nsalu pansi ndipo muwerenge timipira tonse potulutsa, kamodzi kakasowa kapena kutsalira pansi pa bokosi kangathe kudzatseka chiwongolero muli pa msewu.

Kudonthako

Apa ndi pomwe nkhani yonse imayambira, palibe amene amathira girisi bokosi losadontha. Malo odonthera kwambiri ndi seal ya pansi pomwe shaft imatulukira kupita ku drop arm, ndipo anthu amadandaula kuti ndasintha seal kawiri koma ikudonthabe. Seal siyolakwa. Bush ikadyeka shaft imagwedera m'mbali nthawi iliyonse mukakhota, mlomo wa seal umatseguka mbali imodzi, olo mutaika yatsopano ya mtengo wapatali pakangopita milungu yayambanso. Chinanso, seal yakale imakhala itadya kamzere pa shaft, yendetsanipo chikhadabo mumva. Ngati kamzereko ndi kakang'ono mutha kukhazika seal yatsopano pamalo osiyana pang'ono kuti mlomo usagwere mu mzere womwewo, apo ayi pali ka sleeve kopyapyala kovekera pa shaft, a SKF amakatcha Speedi-Sleeve. Bush yatsopano imafuna wa lathe kapena reamer kuti ikwane bwino pa shaft, kungoikhoma ndi hamala n'kukakamiza shaft ndi kudzipangira chiwongolero cholimba.

Poika seal kulungani ma spline ndi tepi, mano aja ndi akuthwa ndipo amacheka mlomo wa seal musanayende n'komwe. Drop arm muichotse ndi puller. Ndaonapo anthu akuimenya ndi hamala yaikulu kuti ituluke, nkhonya zonsezo zimakathera pa worm ndi timipira mkati, zimasiya timabowo tomwe mudzamve ngati kugwiragwira pokhota. Ndipo ikani chizindikiro pa arm ndi pa shaft musanachotse kuti ibwerere pa mano omwewo.

Galimoto zina za ku England monga Triumph TR3 ndi Austin-Healey zili ndi kapaipi kodutsa mawaya a hutala pakati pa column, kamatulukira pansi pa bokosi pomwe pali ka olive ka mkuwa ndi nati. Pamenepo pamadonthanso, ndipo anthu amanamizira seal. Pukutani bokosi lonse liume, yendani tsiku limodzi, muone pomwe payamba kunyowa.

Nanga tithiremo chani

Ine maganizo anga ndi awa: ngati bokosi lakonzedwa, bush ndi seal zatsopano, thirani chomwe buku la galimotoyo linanena. Pa Land Rover Series ndi EP90, pa FJ40 ndi gear oil wa 90, ena akale a ku England ndi 140. Oyilo amafika paliponse, amatsuka tizitsulo n'kutitsitsira pansi, ndipo akayamba kudontha mumadziwa kuti china chake chatha. Poti ma bush ambiri ndi a mkuwa ine ndimasankha gear oil wa mtundu wa GL-4 osati GL-5, popeza mankhwala a sulphur a mu GL-5 ina sagwirizana ndi mkuwa. Zoona bokosi la steering silitentha ngati gearbox ndiye chiopsezo ndi chochepa, komabe GL-4 ikupezeka bwanji osatenga yomweyo.

Ngati shaft ili ndi zipsera, ma spare sakupezeka, kapena bokosilo ndi la seal ya chikopa kapena felt lomwe silinagwirepo oyilo bwino chipangidwire, apo girisi wamadzimadzi wa 00 ndiye bwenzi lanu. Si chinyengo ayi, VW yomwe inasiya oyilo n'kuyamba kuthira girisi wamadzimadzi m'mabokosi a Beetle za zaka zotsatira, ndipo Beetle zimenezi zinapangidwa ku Uitenhage ku South Africa mpaka 1979. Kampani ya Penrite ya ku Australia imapanga wa mabokosi a steering enieni. Anthu a Land Rover amadziwa One Shot, uja wothira m'ma swivel, nayenso ndi wamadzimadzi. Ku America eni galimoto zakale amakonda Corn Head Grease wa John Deere, yemwe ndi nambala 0 ndipo anapangidwira ma gearbox a makina okololera chimanga, amafewa akamatakasidwa. Ameneyu ndi wa polyurea osati lithium, ndiye musamuthire pamwamba pa girisi wakale, mitundu ina ikasakanikirana imasungunuka kapena kuumiratu. Tsukani kaye. Ngati m'shopu ya ma spare a galimoto akuti sadziwa 00, kafunseni kwa ogulitsa za mathirakitala ndi malole, amagwiritsidwa ntchito m'ma gearbox a makina a kumunda.

Ena amasakaniza okha girisi wa 2 ndi gear oil mu chitini. Pa tsiku lamavuto kutali ndi tauni ndi bola kusiyana ndi bokosi louma, koma zimenezi zimalekana pakapita nthawi, oyilo kuthawa girisi kutsala, mwabwerera pomwe munayambira.

Pothira musamangirire nipple pa pulagi n'kumapopa ndi grease gun mpaka kulimba, mphamvu ya gun ija ndi yaikulu moti imatulutsa seal kapena kukankhira girisi m'mwamba mu column mpaka kukafika ku hutala. Ikani botolo m'madzi otentha kapena padzuwa afewe, kwezani matayala akutsogolo pa jeke ndi ma stand, thirani pang'ono, zungulizani chiwongolero mbali ndi mbali kuti mpweya utuluke, thiraninso. Mawa lake onaninso, mupeza watsika. Afike pansi pa bowo lothirira, osati kudzaza mpaka pakamwa, pakhale kampata ka mpweya.

Adjuster

Apa ndichedwepo chifukwa ndi pomwe tinalakwitsa pa galimoto ya malume. Bokosi analipanga dala kuti likhale lothina pakati, pomwe matayala awongoka, n'kukhala ndi mpata pang'ono mukakhotetsa kumapeto. Ndiye play ya kumapeto si vuto, musaithamangitse. Mukamanga adjuster chiwongolero chili chokhota mpaka play ithe, pobwerera pakati chigwira, ndipo mukakakamiza mukuswa worm. Muyezo umatengedwa pakati, matayala ali m'mwamba, bwinonso mutachotsa drag link kuti muzimva bokosi lokha m'manja.

Komanso adjuster ya pachivindikiro si yoyamba. Yambani mwaona ngati worm yokha ikusuntha chokwera ndi chotsika, mumaona shaft ya chiwongolero ikulowa ndi kutuluka m'bokosi mnzanu akamagwedeza. Imeneyo imakonzedwa ndi ma shim a pa chivindikiro cha kumapeto kapena nati yaikulu, kutengera mtundu wa bokosi. Mukaisiya n'kumanga ya pamwamba yokha, mukungofinya roller kapena nati pa worm yomwe ikuthawathawa. Ikatha imeneyo ndiye masulani lock nut, lowetsani adjuster pang'onopang'ono, kagawo kakang'ono ka mzungulo nthawi imodzi, pa Land Rover ndi zala basi mpaka mwamva kuti yakhudza, gwirani isasunthe pomanga lock nut, kenako zungulizani chiwongolero kuchokera kumapeto mpaka kumapeto. Muyenera kumva kulemera pang'ono podutsa pakati, osati kugwira. Beetle ili ndi ndondomeko yakeyake ya pomwe chiwongolero chiyenera kukhala pomanga roller, tsatirani buku lake.

Tsopano chizindikiro chomwe sindifuna muchinyalanyaze. Galimoto imatha moyo wake wonse ikuyenda mowongoka, ndiye worm imadyeka pakati penipeni, malo okwera aja amasanduka chigwa. Mukamanga kuti play ya pakati ithe, chiwongolero chimayamba kugwira mukangokhota pang'ono kumanja kapena kumanzere, pomwe chitsulo chidakali chonse. Mukamasula kuti chisagwire, play ya pakati yabwerera. Mukaona zimenezi dziwani kuti palibe pomwe adjuster ingakhale bwino, worm yatha. Ndipo bokosi lomangidwa mopyola ndi loopsa kuposa losewera, chifukwa mukatuluka pa kona chiwongolero sichibwerera chokha, mumachita kuchikoka, ndipo pa liwiro galimoto imapita molumphalumpha m'malo motsetsereka. Chitsulo cha worm chinalimbitsidwa kunja kokha, khungu limenelo likangobooka cha mkati ndi chofewa ndipo chimatha msanga, ndi chifukwa chake kwa ife play inkabwerera mwachangu kuposa ulendo wapitawo nthawi iliyonse tikamanga. Adjuster ikalowa mpaka mutu wake kutsala pang'ono kumira mu lock nut, nayonso ikukuuzani zomwezo.

Pamenepo njira ndi worm ndi nati zatsopano pamodzi ndi timipira ndi ma race, kapena kachikhomo katsopano ngati worm idakali yosalala, kapena bokosi lina. La kaunjika litsegulidwe musanalipire, ambiri mwa iwo anadyanso girisi yemweyo. Zowotcherera worm kapena drop arm ine ndimakana, pa steering ayi.

Chinanso chomwe chimafulumizitsa kudyeka ndi matayala. Magalimoto amenewa anawapangira matayala opyapyala, ife timaveka otambalala a radial n'kuchepetsanso chiwongolero kuti chioneke bwino, kenako kumachipotokola galimoto itaima pa simenti. Katundu yense ameneyo amagwera pa kamalo kochepa ngati njere ya mpunga pomwe roller kapena kachikhomo kakhudza worm. Galimoto iziyenda olo pang'ono pokha musanakhotetse, mpweya wa matayala akutsogolo ukhale wokwana, ndipo musamakanikize chiwongolero kumapeto chikafika.

Ya malume ija tinaika worm ndi nati zina, bush ndi seal zatsopano, n'kubwerera ku EP90, relay nayo tinaithira inamwa oyilo masana onse. Pano ndimatsegula pulagi ya bokosi nthawi iliyonse ndikamasintha oyilo wa injini, ndiponso ndikawoloka madzi akuya ndimaona mawa lake. Pansi pa drop arm pamachita kachinyezi pang'ono pomwe fumbi limakakamira, ndimapukuta n'kuona kuti mwezi uno watsika bwanji, adjuster sitinaigwirenso chiikireni.